Mpeni Uja Ukadali M'phaso

Abale anga amene mumagona ndi ngongole kumutu, inu amene mukamva njinga yamoto yaima pabwalo mtima umayamba kuthamanga poganiza kuti wafika mwini ndalama, nkhaniyi ndikulembera inu. Sindine mlaliki, ndipo sukulu ndinalekera panjira. Ndine kalipentala wa ku Mitundu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene phuma langa linatsalira pang'ono kundiphetsa mwana wa mlongo wanga, ndi mmene ndinatulukiramo.

Ndinakulira m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Agogo ankatisimbira za Kaphirintiwa, kuti kumeneko n'kumene anthu oyamba ndi nyama anatsikira, mapazi awo n'kudinda pathanthwe likadali lofewa. Tili ana tinkamvetsera ndi mantha, koma titakula nkhalangoyo tinkangoiona ngati nkhokwe yopanda mwini. Zaka zisanu ndinali wootcha makala. Ndinkagwetsa mombo ndi tsamba, kukwirira uvuni, kusanjika matumba panjinga n'kukankha usiku wonse kulowera ku Lilongwe. Ndinkadziwa kuti nkhalangoyo ndi yotetezedwa kuyambira 1922. Ndinkadziwanso kuti mtsinje wa Lilongwe umayambira momwemo, madzi ake n'kukaima m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, n'kukamwedwa ndi anthu omwewo amene ankagula makala anga. Mu 2015 boma litatumiza asilikali kukalondera nkhalango, ndinasiya. Ndisakunamizeni kuti ndinalapa. Anali mantha basi.

Amalume anga ndi amene ananditola. Anali ndi kashedi kawo pafupi ndi msika wa Mitundu, ndipo anandiphunzitsa kugwira sowo, tchizulo ndi pulena ya manja. Iwo atamwalira kashediko kanatsala ndi ine. Amene munapalapo matabwa ndi manja mukuidziwa ntchito imeneyi. Thabwa lochokera kwa ocheka limabwera laubweya, kuno lonenepa uko lowonda, ndipo umalimbana nalo mpaka mapewa kuyaka, koma ukadzalumikiza chitseko umapezabe kuti matabwa ake sakulingana. Ndikapeza oda yaikulu ndinkachita hayala galimoto kupita nawo matabwawo ku Mchesi, kukaima pamzere, kulipira thabwa lililonse, n'kulipiranso galimoto yobwerera. Phindu lonse linkathera mumsewu wa ku Bunda. Chaka china ndinataya oda ya madesiki a sukulu ina chifukwa sindikanatha kupala matabwa ake m'nthawi yake. Zinandiwawa kwa miyezi.

Mu Okutobala 2021 mnzanga wina anandinong'oneza kuti cha ku Nathenje kuli pulena ya magetsi ikungogona. Ndinapita. Ndinaipeza m'chigafa chakale cha fodya, yofiira ndi dzimbiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Nditapukuta kachitsulo ka m'mbali ndi mkono wa malaya ndinawerenga dzina lakuti Wadkin Bursgreen. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kampani ya Wadkin inayamba mu 1897 mumzinda wa Leicester ku England, koma tsikulo chimene ndinaona ndi kulemera kwake: chitsulo chokhachokha, chopala matabwa mpaka mainchesi 12 m'lifupi. Mwini wake anali mnyamata amene anachipeza kwa agogo ake, omwe anachitenga esiteti ina itatsekedwa. Anati, "Akulu, ichi chikungofuna girizi basi." Mawu amenewo ndinawameza osatafuna, chifukwa ndi amene ndinapitira kukamva.

Ndikufotokozereni pang'ono mmene makinawa amagwirira ntchito, kuti mudzamvetse kupusa kwanga. Thabwa umaliika patebulo lachitsulo. Rola ya mano imaligwira n'kulikokera m'kati. Pamwamba pake pali buloko yonyamula mipeni, yomwe imazungulira pafupifupi ka 5,000 pa mphindi imodzi, kusenga thabwalo. Kutsogolo rola yosalala imalitulutsa. Ukakweza kapena kutsitsa tebulo ndi gudumu la m'mbali, ndiye kuti wasankha kunenepa kwa thabwa, ndipo ngakhale matabwa akhale zana, onse amatuluka ofanana. Ine ndinkaona zotulukazo. Za liwiro la buloko ija sindinaziganizire.

Tinagwirizana K480,000. Ndinagulitsa soya yense wa chaka chimenecho. Mayi a kunyumba anakanditengera ngongole ku banki mkhonde yawo. Zotsalazo ndinakatenga katapila kwa munthu wina pamsika, wobweza theka pamwamba mwezi ukatha, ndipo zimenezi mayiwo sindinawauze. Ndinati pomatha Novembala makina adzakhala akulira, ndidzabweza mwakachetechete. Chitsulocho tinachikweza palole anthu asanu ndi atatu, ndi mitengo ya bulugamu, ndipo titafika ku Mitundu anthu anatiunjirira ngati tabwera ndi mkwatibwi. Ndinayenda tsiku limenelo chifuwa chili patsogolo.

Chikomekome cha mkuyu. Wamagetsi amene ndinamuitana anangoyang'ana mota n'kuseka. Inali ya three phase, magetsi aja a m'zigayo, pomwe m'kashedi mwanga munali waya wamba wa babu ndi wailesi. Ndinagula mota yaing'ono yogwiragwira, ndipo inapsa tsiku lachiwiri, utsi tolotolo. Masipanala anga sankagwira bwino mabawuti ake, ndiye ndinkawakakamiza ndi hamala ndi tchizulo. Ndinathyola mabawuti atatu, awiri mwa iwo anali ogwira chivindikiro cha pamwamba pa mipeni. Chivindikirocho ndinangochitsamiritsa kukhoma.

Kenaka mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira kumtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi anasanduka mlendo. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo chilichonse cha chitsulo m'mashopu a ku Area 2 chinakwera mtengo. Katapila uja anali atabereka ana ndi zidzukulu. Ndinkangolipira chiwongoladzanja, thunthu la ngongole osasuntha. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo, kenaka ndinasiya kupitako. Usiku ndinkadzuka n'kukakhala m'shedi, kuyang'ana chitsulo chija ngati chindiyankha.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira m'mimba mumatentha. Ndinati za magetsi zikhale, ndibwereke injini ya dizilo. Ndinaipeza, ndinamangirira lamba pa pule imene ndinatola kwa ogulitsa zitsulo zakale, osawerengera kukula kwake. Mipeni ya makinawo inali yodyeka ndi dzimbiri, ndipo yatsopano inali yodula, ndiye ndinapita ndi chipiringi cha galimoto kwa wowotcherera, n'kuchidula, n'kuchinola pa giraindala. Mipeni iwiri inatuluka, wina wolemera wina wopepuka. Tizitsulo topanira mipeniyo m'buloko ndinatimanga ndi mabawuti a kuhadiweya, omwe ankalowa movutikira. Ndinawakanikiza mpaka kuima, n'kudziuza kuti agwira.

Linali Lachinayi m'mwezi wa Julayi, mwera ukuwomba. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 16, ndi amene ankandithandiza m'shedi sukulu akatsekera. Ndinamuimika kutsogolo kuti azilandira thabwa. Injini italira, buloko inayamba kuzungulira, ndipo kulira kwake kunkakwerakwera mpaka kukhala ngati mluzu. Shedi yonse inkanjenjemera, misomali ikuvina pabenchi. Mwanayo anakuwa kuti, "Amalume, sikulira bwino iyi!" Ine ndinamuyankha kuti, "Iwe ukudziwa chiyani? Landira thabwa." Mawu amenewa ndinawanena ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo khutu langa linali litamva kale zimene iye anamva.

Thabwa litangokhudza mipeni kunamveka kuphulika ngati mfuti. Kenaka ndinaona mwanayo wakhala pansi, manja onse kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala n'kumadontha pa utuchi woyera. Sanalire. Anangondiyang'ana ndi diso limodzi. Injini inali ikulirabe ndipo ine ndinaima chilili, miyendo itafa, osadziwa kuti ndithamangire mwana kapena injini. Anthu a pamsika ndi amene anaizimitsa. Mpeni unali utathyoka, chidutswa chake n'kumucheka tsaya kuyambira pansi pa diso mpaka kukhutu, n'kukazikika m'phaso la denga.

Tinathamanga naye pa kabaza wa njinga yamoto, ine kumbuyo nditamufinya tsaya ndi malaya anga. Kuchipatala anamusoka, ndipo amene anamusokayo anandionetsa ndi chala chake, kuti chitsulocho chikanakwera pang'ono chonchi diso likanapita, chikanatsika chonchi tikanakamba za maliro. Mlongo wanga atafika sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana. Anangoti, "Achimwene, mwanayu ndinakupatsani kuti mumuphunzitse ntchito." Inu Achewa anzanga mukudziwa kuti malume ndi ndani. Ndi mwini mbumba, amene ana a mlongo wake amathawirako zikavuta. Ine mwini mbumba ndi amene ndinaimika mwana kutsogolo kwa mpeni wa chipiringi, chifukwa choopa munthu wa katapila.

Sabata yomweyo mwini ndalama anabwera ndi anyamata awiri, n'kutenga njinga yanga ndi mbuzi ziwiri, anthu akuonerera. Apo m'pamene mayi a kunyumba anadziwa kuti pali ngongole ina imene sankaidziwa. Sanalankhule. Anaphika nsima, anandiikira madzi osamba m'manja, anakagona atayang'ana kukhoma.

Usiku umenewo ndinatenga nkhwangwa n'kutuluka. Mumtima ndinkati ndikupita kukatema mitengo, ndiotche mauvuni awiri atatu ndibweze ngongole, akandigwira andigwire. Ndinayenda maola ambiri mumdima mpaka ndinafika kumalo kumene ndinkaotcha makala kale. Mwezi unali utatuluka. Zipsera zakuda za mauvuni anga zinali zikuonekabe, ndipo zitsa zimene ndinasiya zinali zitaphuka mphukira zofika m'chiuno. Ndinakhala pa chitsa china, nkhwangwa pamiyendo. Abale, ndinena zoona chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu munafikapo pamenepa: pa chitsa chija maganizo a makala anachoka, n'kubwera ena oipa koposa. Ndinayamba kuwerengera kuti ndikapanda kubwerera kunyumba, ngongole idzatha nane, mlongo wanga sadzafunikanso kuona nkhope yanga, mayi a kunyumba adzapeza mwamuna wanzeru. Maganizo amenewa amabwera mwaulemu, ngati mnzako wokufunira zabwino. Amanama. Koma usikuwo ndinkawamva ngati oona.

Sindinaone masomphenya. Ndinazizidwa mpaka mano kugundana, ndinalira ngati mwana, ndinayesa kupemphera koma mawu amene anatuluka anali akuti "Ambuye, ndatopa" basi. Kutatsala pang'ono kucha ndinakumbukira kanthu kakang'ono: tsikulo linali lokatsukitsa bala la mwana uja, ndipo mlongo wanga sakanatha kumunyamula yekha, mwamuna wake ali ku Johannesburg. Ndinati ndimuperekeze kaye, zinazo ndidzaona. Ndinanyamuka ndi nkhwangwa yanga yosatema kanthu.

Nditafika ndinapeza mayi a kunyumba ali pakhonde, maso ofiira, atatuma kale anthu kukandifuna. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse: katapila, kuchuluka kwake, chipiringi, ndi zimene ndinkaganiza kunkhalango. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Abambo, ndalama tidzabweza. Koma mukadzandibisiranso kanthu, chimenecho ndiye chidzatiphe." Tsiku lomwelo anakauza abusa, ndipo abusawo anabwera madzulo kudzakhala nane, osandilalikira, kungokhala. Anabweranso mawa lake ndi mkuja.

Mayiwo ndi amenenso anapeza njira. Pokagayitsa chimanga anafotokozera nkhaniyi madala ena a chigayo, amene paunyamata wawo ankakonza makina m'maesiteti a fodya. Lamlungu masana madalawo anatulukira ndi kabokosi kachitsulo pakaliyala. Anayang'ana chidutswa cha m'phaso, anayang'ana pule, anatola bawuti imodzi ya kuhadiweya n'kuigudubuza m'dzanja. "Mwana wanga, safunsa anadya phula," anatero. Anandiuza kuti mabawuti a makina akale a ku England ndi a Whitworth, oyezedwa m'mainchesi, ndipo mizere yake siigwirizana ndi ya mabawuti a mamilimita amene timagula lero. Anga aja ankangoima chifukwa chodya mizere, sanagwire kanthu. Pule yanga inkathamangitsa buloko kuposa muyeso wake. Mipeni yosiyana kulemera inkaikoka mbali imodzi pa kuzungulira kulikonse. Anatsegula kabokosi kaja, mukuoneka masipanala akuda olembedwa tizigawo ta inchesi. Anati, "Chitsulochi sichinalakwe. Chakhala chikudikira munthu woti achifunse."

Ndinkafuna kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakale pa sikelo. Madalawo anakana. Anati tichisamutsire kuseri kwa chigayo chawo, kumene kuli three phase, ndipo chikadzayamba kugwira ntchito ndizidzalipira magetsi ndi kagawo kochepa. Anaika lamulo limodzi: sindidzachiliza mpaka iwo atanena.

Tinatha miyezi isanu ndi iwiri. Tinachimasula chonse, chitsulo chilichonse n'kuchiika pa thumba pake, madalawo akujambula ndi choko pakhoma kuti tisaiwale pobwezera. Zomata ndi dzimbiri tinkaziviika mu dizilo masiku anayi asanu, osamenya ndi hamala. Ine wozolowera kukakamiza zinthu, manja ankandiyabwa, koma iwo ankangoti, "Chisiye chimwe." Mabawuti amene ndinathyola tinawaboola n'kuwatulutsa mmodzimmodzi, ndipo mabowo amene ndinawononga anawadulanso mizere ndi zida zawo. Tebulo ndinalikwecha ndi sandipepa ndi palafini milungu iwiri mpaka linayamba kuonetsa nkhope. Mabering'i a buloko anali akulira ngati muli mchenga. Tinawerenga manambala a pamphepete pake ndipo ndinazungulira nawo mashopu a ku Malangalanga maulendo atatu ndisanawapeze. Mota yake yeniyeni, imene ine ndinaitaya pakona, inapezeka kuti ndi yamoyo, inkangofuna kuumitsa ndi kutsuka. Tizitsulo tina tolendewera pafupi ndi rola ya mano, timene timaluma thabwa likafuna kubwerera m'mbuyo, tinali titagwirana ndi dzimbiri, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe ntchito yake.

Ndalama zinachokera kuti? Ndinazula malata a shedi yanga n'kugulitsa, n'kufolera ndi udzu. Ndinabwerera ku pulena ya manja, kukhoma mafelemu a zitseko ndi mabokosi a maliro, usiku ndi usana. Amayi a banki mkhonde atamva nkhani yonse anatiwonjezera miyezi, ndipo ena mwa iwo anabweretsa maoda a mipando ndi mabenchi amene mwina sankawafuna kwenikweni. Abusa ndi a mfumu anakhala pansi ndi mwini katapila mpaka anavomera kuimitsa chiwongoladzanja. Ndinamaliza naye patapita chaka. Anthu amenewa sindingawabweze.

Mipeni yeniyeni ndinagula pomalizira, ya chitsulo cholimba chopangidwira ntchito imeneyi. Madalawo anaiika pa sikelo ya pagolosale, umodzi uku wina uku, kuti aone ngati ikulingana. Poimanga anandiphunzitsa kugwiritsa kamtengo kolimba kosalala, kuyeza kuti mpeni watuluka mofanana kumanja, pakati ndi kumanzere, n'kumanga mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Chivindikiro chinabwerera pamalo pake.

Tinachiliza mu Malichi 2023. Kapichira anali asanayambenso, ndiye tinadikira magetsi tsiku lonse, n'kubwera cha m'ma 10 koloko usiku. Madalawo anatiimika tonse m'mbali, palibe woima kutsogolo kapena kumbuyo. Anadina batani. Ine ndinali nditatseka maso. Chimene ndinamva ndi kung'ung'uza kosalala, kosakwera kosatsika. Anaimika ndalama yachitsulo patebulo ndipo sinagwe. Tinalowetsa thabwa la paini, linatuluka lowala, fungo la utomoni n'kudzaza chigayo chonse. Ndinalisisita ndi dzanja, n'kukhala pansi pa matumba a gaga, misozi ikungotsika. Madalawo anayang'ana kumbali n'kumapukuta masipanala awo.

Lero akalipentala a ku Mitundu ndi midzi yozungulira amabwera kudzapalitsa kwa ine m'malo mopita ku Mchesi. Timapala paini, bulugamu ndi malaina a m'minda mwa anthu. Pali china chimene ndiyenera kuvomereza. Makina otere ali pafupi ndi Dzalanyama amakopa alendo a usiku, obwera ndi mlombwa wopanda mapepala, ndipo amalipira bwino. Kamodzi ndinalandira, mu Novembala 2023 kwacha itagwanso ndi 44 peresenti. Ndinapala matabwa asanu ndi limodzi, ndipo fungo lake linandibwezera pa chitsa chija. Ndinauza mayi a kunyumba usiku womwewo. Kuyambira pamenepo geti timatseka dzuwa likalowa.

Mwana wa mlongo wanga anatha chaka osaponda pamene pali makinawo, ndipo sindinamukakamize. Tsiku lina anangotulukira, n'kuima pakhomo kumvetsera. Anati, "Amalume, ikulira bwino tsopano." Chipsera chake chikuoneka ndithu, chimayera kukazizira. Pano ndi iye amene amamanga mipeni, chifukwa dzanja lake ndi lodekha kuposa langa, ndipo akati tizimitse, timazimitsa osafunsa chifukwa. Shedi yakale ija timasungiramo matabwa. Chidutswa cha chipiringi chikadali m'phaso, chachita dzimbiri. Ndinafuna kuchizula pofolera udzu chaka chatha, koma iye anati ndichisiye, pali ana awiri amene akuyamba kuphunzira ntchito mwezi wa mawa ndipo akufuna adzawaonetse.